Mdima Wobwereka

Anthu ankawatchula kuti Mayi Sindichotsera, ndipo iwo dzinalo sanalikane. Anali ndi shopu ya ziwiya pa msewu wotsikira ku depoti: mapoto, mabeseni, ndowa, mbale zachitsulo ndi zadothi, makapu olendewera pa chingwe. Munthu akalowa n'kuyamba nyimbo ija ya "chotseraniko pang'ono, mayi," iwo ankangomuyang'ana ndi diso limodzi, linalo atalitsinzina, mpaka munthuyo n'kuyamba kupepesa yekha.

Ana atatu anakula n'kupita kwawo. Anatsala womaliza, mtsikana amene aliyense ankangomuti Mzime, ndipo shopuyo anali atamuikira iyeyu mumtima. Miyendo yawo inali itayamba kutupa madzulo, ndipo kauntala imafuna munthu woimirira. Koma Mzime anali ndi nthenda yake. Ankajambula. Osati ndi foni ngati anzake ayi, koma ndi burashi ndi penti wa mafuta, uja wa m'timachubu, wonunkha mpaka m'zovala, wochedwa kuuma kuposa bulangete la nthawi ya mvula.

Kutsidya kwa tauni kunali sukulu ya zojambulajambula yomwe inkatenga anthu ochepa pachaka. Kuti akutenge ankafuna chinthu chimodzi: chithunzi cha munthu wamoyo, chojambula ndi penti wa mafuta, chikafike Lachisanu lomaliza la mweziwo.

"Ndiye tipangane," anatero Mayi Sindichotsera, akupukuta chivindikiro cha poto. "Akakutenga, pita, sindikugwira mwendo. Akakukana, maburashi onsewo alowe m'katoni, iwe uime pano. Zoti ndidzayesenso chaka chamawa ine ayi. Wamva?"

"Ndamva, amayi. Koma nanenso ndili ndi langa."

"Iwe? Ukufuna kutsatsa malonda kwa ine?"

"Munthu wamoyoyo mukhale inuyo."

"Jambula bambo ako. Amakhala phee tsiku lonse ngati thumba la simenti."

Bambo ake a Mzime ankakonza mawotchi ndi mawailesi pa katebulo ka pakhonde la shopuyo. Ankawati a Chabwino, chifukwa m'zaka zonse za ukwati wawo palibe amene anawamva akuyankha mawu ena.

"Abambo akangokhala amagona," anatero Mzime. "Ine ndikufuna nkhope yodzuka. Ola limodzi ndi theka m'mawa uliwonse, masabata awiri."

"Theka la ola."

"Si ine ndanena, amayi, ndi dzuwa. Limalowa pa kazenera ka kuseri nthawi imeneyo basi."

"Uliuze dzuwalo kuti nthawi imeneyo ndi imene anthu amatsika ku depoti. Ola limodzi. Ndatha."

Anagwirizana pa ola limodzi, ndipo Mayi Sindichotsera anamva bwino mumtima kuti adula theka.

Kuseri kwa shopu kunali kachipinda kosungiramo katundu. Amene ankachita lendi iwo asanabwere ankaphikiramo ndi makala, moti makoma onse anali bii ndi mwaye, denga lomwe. Kazenera kanali kamodzi, m'mwamba. Mzime anasunthira makatoni pakona, anatseka theka la kazenerako ndi chikatoni, n'kutseka chitseko. M'chipindamo munada. Kuwala kunangotsika malo amodzi, kopendekera ngati thabwa loyedzeka ku khoma. Pamenepo ndi pamene anaika mpando wautali wopanda choyedzamira.

"Khalani apa. Gwirani mbale iyi. Muiyang'ane monga mmene mumachitira akakubweretserani katundu watsopano."

Zimenezo sanafunike kuphunzitsidwa. Anaikweza mbaleyo ku kuwala, anaigogoda ndi chikhadabo, natsinzina diso limodzi kufunafuna mng'alu.

"Basi! Pomwepo! Musasunthe."

"Mphuno ikundiyabwa."

"Iyabwe."

Ola litakwana anatsika kuti akadzione. Pa chinsalu chojambulapo, chimene Mzime anachikoka pa felemu ya matabwa, panalibe munthu. Chonse chinali chopakidwa penti wofiirira wakuda, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Ndakhala ola lathunthu, makasitomala akugogoda kunja, kuti iwe udetse nsalu?"

"Dikirani."

Mzime anakulunga kansanza ku chala n'kuyamba kupukuta penti uja akadali wamuwisi. Pamene wapukuta pankayera. Anapukuta apa, panatuluka chipumi. Anapukuta apo, tsaya. Mzere umodzi, mphuno. Sanajambule chilichonse, ankangochotsa mdima, munthu n'kumatuluka yekha ngati akusuzumira pa chitseko. Mayi Sindichotsera anazizwa, koma sanafune kuti mwana aone.

"Nsanza imeneyo inali yopukutira magalasi," anatero, n'kutuluka.

Sabata yoyamba inayenda ndi mikangano. Iwo ankamva ndowa ikalira kunja n'kutembenuka. Ankakuwa mitengo ya katundu kudzera m'khoma, kuuza a Chabwino amene ankawagwirira kauntala. Mzime ankangoluma burashi n'kudikira. Komabe nkhope inkabwera. Mbali yowala ankaipaka penti wochindikala, mbali ya mdima wopyapyala ngati tiyi wa alendo ochuluka. Lachisanu Mayi Sindichotsera anaima patsogolo pa chinsalucho manja ali m'chiuno.

"Khutu langa lina lili kuti?"

"Lili mumdima."

"Ine ndinabadwa ndi awiri. Nanga tsaya linalo? Wandipatsa theka la nkhope, iwe. Ndimakhala pa mpandopo thupi lonse."

"Amayi, mbale yoyera mukaiika pakati pa mbale zoyera, ndani amaiona? Nanga bwanji ija yamaluwa agolide munaiika pa nsalu yabuluu, pashelefu yapamwamba?"

"Kuti ioneke."

"Ndi zomwezo. Mdimawu ndi umene ukugulitsa kuwalaku."

Anamva ndithu, chifukwa nkhani ya mbale sinkawadutsa. Koma anangoti, "Ine si mbale."

Zikanathera pomwepo pakanapanda Telala. Telala anali ndi shopu yake moyandikana nawo, munthu wamfupi wa tepi m'khosi, amene ankasoka ndi makina komanso ndi pakamwa. Loweruka anabwera kudzabwereka machesi, anapeza chitseko cha kuseri chili pululu, nasuzumira.

"Haa! Koma mwanayu ali ndi dzanja! Ndi inuyo ndithu, mayi. Kungoti..."

"Kungoti chiyani?"

"Ayi, palibe. Ndimangofunsa kuti anakumangani liti. Ndikanadziwa ndikanakubweretserani sopo kundendeko."

Anaseka yekha n'kumapita ndi machesi. Mayi Sindichotsera anatsala akuyang'ana chithunzicho, kenako makoma. Zoona, kuseri kwa mutu wawo kunali bii. Anthu ophunzira a kusukulu kuja adzaima patsogolo pake, magalasi ali pamphuno, n'kumati mayi uyu amakhala m'dzenje la makala. Mayi amene mapoto ake munthu amadziyang'anirapo nkhope! Ndiye mwana amukane chifukwa cha uve wa makoma? Iwo ankafuna Mzime pa kauntala, inde, koma osati anthu azikanena kuti kwawo n'kosasesa.

Lamulungu shopu inali yotseka, ndipo Mzime anapita kukaona mkulu wake amene anali ndi khanda. Atangokhota pakona, amayi ake anatulutsa chithunzi chija mosamala, atagwira m'mbali mokha monga anaonera mwini wake, nachiyedzeka kuseri kwa kauntala. Kenako anaika ndowa ya laimu ndi chiburashi chachikulu pamapazi a amuna awo.

"Bambo a Mzime, dzukani. Makoma."

A Chabwino anayang'ana ndowa, anayang'ana chitseko cha kachipinda kaja. "Komatu mwana ananena kuti tisakhudze..."

"Ananena kuti tisakhudze chithunzi. Mwachikhudza?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Chabwino."

Anapaka kawiri, chifukwa mwaye unkatulukira pansi pa laimu woyamba. Denga nalonso. Pofika madzulo kachipindako kanali mbee ngati chipatala, ndipo a Chabwino anali mbuu kuyambira nsidze mpaka nsapato. Mayi Sindichotsera anabwezera chithunzi pamalo pake, mpando pamalo pake, chikatoni pa kazenera monga chinalili. Palibe chimene anasokoneza. Anagona bwino tsiku limenelo.

Lolemba m'mawa anayamba ndi iwo kulowa, nakhala pa mpando mbale ili m'manja, kudikira kuthokozedwa. Mzime anatsegula chitseko n'kuima pomwepo.

"Waona? Tsopano ujambule khoma la anthu."

Mzime anatseka chitseko pang'onopang'ono. M'chipindamo simunade. Kuwala kuja kunatsika pa kazenera monga kale, koma kutagunda khoma loyera kunadumphira pa linzake, kuchoka apo kudenga, kuchoka kudenga pansi, mpaka kunalibe kona yopanda kuwala. Mtsikanayo anayang'ana amayi ake, anayang'ana chinsalu, anayang'ananso amayi ake.

"Bwanji? Walowa ndi mwendo wamanzere?"

Mzime anatuluka n'kubwera ndi kagalasi ka m'chikwama chake. "Dziyang'aneni."

Anadziyang'ana. Makutu onse awiri analipo. Masaya onse awiri. Nkhope yonse inali poyera, yosalala, yathyathyathya ngati mbale ya pulasitiki. Mzere uja wotsika pambali pa mphuno, umene pa chinsalu unkachititsa kuti munthu aope kupempha kuchotseredwa, kunalibe. Anali mayi wina aliyense wodikira basi.

"Mthunzi wapita, amayi. Manja sindinayambe. Mbale sindinayambe. Mbali ya mdimayi ndinangoyala, sindinaimalize."

"Si uli nazo m'mutu? Maliza za m'mutu."

"Ndikanama adziwa. Inu poto wokhomedwa chigamba n'kupakidwa penti mumamudziwa ali kutsidya kwa msewu."

Akanakuwa mwanayo zikanakhala bwino. Mayi Sindichotsera kukuwa ankakudziwa, akanamubwezera kawiri. Koma Mzime anangoti, "Palibe kanthu, amayi. Munkafuna kuthandiza." Anatenga botolo la mafuta otsukira, natsuka maburashi imodziimodzi, kuwapukuta, kuwamanga ndi kamphira. Kenako anakoka katoni yopanda kanthu ya makapu n'kuwaikamo. Anatuluka, anavala epuloni, nakaima pa kauntala.

Amayi ake anatsala pa mpando paja. Apa ndiye kuti apambana. Mwana ali pa kauntala, masiku anayi Lachisanu lisanafike, popanda ndi sukulu yomwe kumukana. Anamumva kunjako akuuza munthu mtengo wa beseni ndi mawu aulemu, ofooka, oti ngakhale mwana wa sukulu akanamutsitsa. Ndipo chinawanyansa. Iwo chiyambire sanagulitsepo poto wobooka kwa munthu wosaona bwino. Ankakana kuchotsera, inde, koma katundu wawo ankakhala wathunthu. Pangano limeneli analiboola okha ndi chiburashi cha laimu.

Anatsika pa mpando.

"Iwe! Vula epuloniyo. Ukundithamangitsira makasitomala ndi nkhope ya maliroyo. Mdima wakowo umafuna chiyani kuti ubwerere?"

"Makoma akuda."

"Tipake penti wakuda."

"Pa laimu wamuwisi sagwira. Komanso penti wa m'chitini amanyezimira."

A Chabwino anasuzumira pakhomo. "Kapena titayatsamo chitayala chakale, utsi wake..."

"Kuti mapoto anga onse anunkhe mphira? Bwererani ku mawotchi anu."

"Chabwino."

"Nsalu ingathe," anatero Mzime motsitsa mawu. "Yakuda, yosanyezimira. Koma yambiri, amayi. Makoma atatu ndi denga."

Nsalu yakuda yambiri pa msewu wonsewo inali ndi munthu mmodzi. Mayi Sindichotsera anaima kaye pakhomo la shopu yawo. Iwo sankabwereka. Sankabwereketsanso. Ankati chobwereka chimabwerera ndi mano. Koma anamanga mpango bwinobwino n'kulowa kwa Telala.

"Mayi! Akutulutsani?"

"A Telala, ndilibe nthawi. Mpukutu uja wa nsalu ya masuti, wakuda. Masiku anayi. Sindidula, sindidetsa."

Telala anaimitsa makina. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Tsiku ngati limeneli ankalilota.

"Mpukutu umenewo ndi wa ukwati wa anthu, mayi. Mwati mukufuna kubwereka? Inuyo? Tanenaninso, khutu ili limandivuta."

"Mwamva."

"Chabwino, tikambirane ngati anthu amalonda. Ketulo ija ya mluzu, imene ndakhala ndikuilira chaka chonse inu n'kumandiyang'ana ndi diso limodzi."

"Mubwereke masiku anayi, nsalu masiku anayi."

"Aa, mayi. Ketulo ikapsa kunsi mudzagulitsa kwa ndani? Inuyo simugulitsa chinthu chogwiritsidwa kale ntchito. Ingobwerani nayo ikhale kuno."

"Ketulo yathunthu chifukwa cha nsalu yoti ndikubwezerani?"

"Ndiye pitani kwa telala wina. Alipo kuseri kwa depoti, amasoka mayunifolomu oyera a anamwino."

Anamuyang'ana ndi diso lija. Telala anayang'ana kudenga n'kumaimba kamluzu, kofanana ndi ka ketulo. 

"Chivindikiro chake n'chophwanyika pang'ono," anatero Mayi Sindichotsera pomaliza. "Ndinenetu, musadzati ndinakubisirani."

"Ndiilandira ndi chilema chake."

Anatuluka atasenza mpukutu pamutu. Sunakwane. Anapita kwa wokonza matayala n'kubwerako ndi chilona chakuda chofundira katundu. Kunyumba anatenga mabulangete awiri abulauni ndi chijasi cha a Chabwino cha nthawi imene ankalondera ku fakitale. Shopu anaitseka, chinthu chimene sichinachitikepo pakati pa sabata, chifukwa anthu onse atatu ankafunika mkati: Mzime kuloza, amayi ake kugwira, a Chabwino pa makwerero kukhoma misomali m'mphepete mwenimweni mwa nsalu kuti Telala asadzapeze chonena.

Tsono msewu uli ndi maso. Anthu anaona shopu yotseka Lolemba. Anaona nsalu zakuda zikulowa. Anaona katebulo ka mawotchi pakhonde kali kokha, mwini wake palibe. Dzuwa lisanafike pamutu, amayi anayi a m'mashopu oyandikana anali ataima pakhomo, manja kumbuyo, nkhope zogwa. Wogulitsa zipatso ndiye anagogoda.

Mayi Sindichotsera anatsegula pang'ono. "Tatseka."

"Tamva, mayi. Pepani. Anali munthu wabwino, wosayankha anthu mwano. Zachitika nthawi yanji?"

"Zachitika chiyani?"

Nthawi yomweyo a Chabwino anatulukira kumbuyo kwawo, hamala m'manja, misomali itatu pakamwa, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi la laimu la kudenga. Wogulitsa zipatso anakuwa n'kugwera pa mnzake. Wina anali atafika kale pakati pa msewu, nsapato imodzi atasiya pakhonde.

"Bambo a Mzime, auzeni anthuwa kuti muli moyo."

A Chabwino analavulira misomali m'dzanja. "Ndili bwino, kaya inu?"

"Mwamva. Sanafe, amangooneka choncho. Pitani mukatsegule mashopu anu."

Lachiwiri m'mawa Mzime anatseka chitseko cha kachipinda kaja, ndipo mdima unabwerera, wochindikala kuposa wa mwaye uja. Thabwa la kuwala linatsika malo ake. Mayi Sindichotsera anakwera pa mpando, anakweza mbale, anatsinzina diso. Mzime anamasula kamphira ka maburashi, koma anaimanso, akuyang'ana pansi pa chibwano cha amayi ake.

"Pali chiyaninso?"

"Pali kuwala kwina kukuchokera pansi. Sindikudziwa..."

Mayi Sindichotsera anayang'ana pamiyendo pawo. Anali atavala siketi yachikasu.  Anatambasula dzanja, anakoka chijasi cha a Chabwino pa msomali wapafupi, nachifunda pamiyendo.

"Nanga pano?"

"Amayi, mwadziwa bwanji?"

"Ukuyesa ndine chitsiru chifukwa sindinafike patali ndi sukulu? Jambula, dzuwa likupita."

Kunja munthu anagogoda pa chitseko cha shopu, anagogodanso, n'kupita. Iwo sanatembenuke. Ndowa inalira, mwina mphepo, mwina wakuba. Sanatembenuke. Mphuno inayabwa, ntchentche inatera pa dzanja, chijasi chinkanunkha fakitale, thukuta linkatsika kumsana. Ola litakwana Mzime anati, "Nthawi yanu yatha, amayi."

"Dzuwa lachoka?"

"Ayi, likadalipo theka la ola."

"Ndiye ukundiuziranji? Ndakufunsa nthawi?"

Lachitatu kunachita mitambo, ndipo anakhala onse awiri mumdimamo kudikira, mayi akutukwana kumwamba motsitsa mawu, mpaka dzuwa linatuluka kwa kanthawi kokwanira zala zitatu. Lachinayi Mzime anamaliza manja ndi mbale. Chomaliza anatenga penti woyera pa nsonga ya burashi yaing'ono, wochepa ngati njere ya mpunga, namuika pa mlomo wa mbale. Wina wochepa kuposa pamenepo anamuika m'diso lotsegula lija. Anabwerera m'mbuyo n'kuika burashi pansi.

Mayi Sindichotsera anatsika, miyendo itachita dzanzi, nazungulira kukaona. Mayi wa pa chinsaluyo ankatuluka mumdima ndi chipumi, tsaya limodzi, ndi dzanja logwira mbale. Zina zonse zinamira. Koma ukayang'anitsitsa mbali yakudayo, tsaya linalo linalimo, khutu lomwe, kungoti umayenera kudikira kuti maso azolowere. Ndipo mayiyo sankangofuna mng'alu m'mbalemo. Ankaoneka ngati munthu amene wanyamula zinthu zosweka moyo wake wonse ndipo sanagwetsepo n'chimodzi chomwe.

"Wandikalambitsa," anatero.

"Pepani."

"Sindinati usinthe."

Lachisanu penti anali akadali wamuwisi, moti za basi panalibe. Anthu akanachipukuta ndi mapewa asanafike n'komwe pa siteji yachiwiri. Anayenda wapansi. Mzime ndi bambo ake anagwira felemu uku ndi uku, nkhope ya chithunzi itayang'ana kumbuyo kuopa fumbi, Mayi Sindichotsera ali patsogolo ndi ambulera yopinda, kugawa anthu ngati wapolisi wa pamsewu. Wa njinga wina amene anafuna kudutsa pafupi anamva mawu oti sadzawaiwala.

Kusukuluko anawalandira mphunzitsi wamkulu, mayi woonda wa imvi, wa penti m'zikhadabo. Anachiyedzeka chithunzicho ku khoma, anabwerera m'mbuyo, nayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso Mayi Sindichotsera.

"Mukumutenga kapena ayi? Ine ndatseka shopu."

"Mayina timakhoma pa geti Lachisanu likubwerali, mayi."

"Mwachiona kale. Sabata yonse mukufuna muone chiyani china?"

"Pali ena makumi asanu amene abweretsa zawo."

"Enawo ndi ana anga?"

Mphunzitsiyo anamwetulira pang'ono, koma sanasunthe. "Lachisanu, mayi."

Panjira Mayi Sindichotsera anati, "Ameneyo akanakhala ndi shopu tikanavutana."

Sabata imeneyo inali yaitali. Nsalu inabwerera kwa Telala, amene anaifunyulula yonse kufunafuna mabowo, ketulo ikuimba kumbuyo kwake. Mzime anaima pa kauntala osauzidwa. Amayi ake ankamuona akupereka mbale kwa anthu, akukulunga makapu m'nyuzi, ndipo ankagwira bwino ntchito, palibe chimene akanamudzudzula. N'chimene chinkawapweteka mutu. Sankadziwa kuti Lachisanulo akufuna kumva chiyani.

Litafika anadzuka m'mawa n'kunena kuti akupita kukaona katundu watsopano kwa ogulitsa zambiri. Anakwera basi yopita kutsidya. Pa geti la sukulu panali pepala, ndi achinyamata angapo ataunjikana. Anawakankha ndi chigongono. Kuwerenga kwawo kunali kwa pang'onopang'ono, kwa chala, milomo ikuyenda, koma dzina limene anapatsa mwana wawo ankalidziwa maonekedwe ake monga ankadziwira ndowa yawo pakati pa ndowa za ena. Mzere woyamba ayi. Wachiwiri ayi. Chala chinatsika, chinatsika. Chinaima pa wachisanu ndi chiwiri. Anawerenganso kuyambira kumapeto kuti asanamizidwe.

Anaima pamenepo kanthawi, mtsikana wina akulira pambali pawo, wina akudumpha. Kenako anakonza mpango n'kulowa pa geti, molunjika ku ofesi ya mayi woonda uja.

"Mwamutenga. Chabwino. Tsono tikambirane. Loweruka ndi langa."

"Loweruka m'mawa timakhala ndi kalasi, mayi."

"Masiku asanu sakukwanirani? Loweruka ndi tsiku la msika, ine miyendo imatupa."

"M'mawa ndi wathu. Ndi nthawi imene kuwala kumalowa bwino m'chipinda chojambulira."

Apa Mayi Sindichotsera anagonja. Za dzuwa anali atadziwa kuti sizitsutsika.

"Lichoka nthawi yanji?"

"Cha m'ma leveni."

"Ndiye leveni ikakwana azituluka, osati azitsuka maburashi a anthu ena. Ndipo chithunzi changa mukathana nacho chibwerere. Nkhope ndi yanga."

"Chikhala pa khoma lathu miyezi itatu."

"Iwiri."

"Itatu, mayi."

"Itatu, koma muzichipukuta fumbi."

Atafika ku shopu anapeza Mzime akukulungira munthu mbale. Anadikira kasitomalayo atuluke, anaika chikwama pansi pa kauntala, nayamba kusuntha mabeseni amene sanafunike kusunthidwa.

"Katundu munamupeza, amayi?"

"Uyamba Lolemba. Loweruka masana uzikhala pano, ndalimbana nawo. Vula epuloniyo, ndi yanga."

Mzime anawalumphira m'khosi, moti makapu a pa chingwe analira onse.

"Iwe, undigwetsera katundu! Pita ukauze bambo ako, mwina adzuka."

Mtsikanayo anathamangira pakhonde. Mayi Sindichotsera anavala epuloni, anaimanga kumbuyo, nayang'ana kauntala yawo kuyambira uku mpaka uko. Inali yaitali ndithu kwa munthu mmodzi. Analowa m'kachipinda koyera kaja, anakoka mpando wautali uja, miyendo yake ikukukuta simenti, naukhazika kuseri kwa kauntala, pamene ankatha kuona khomo ndi mashelefu onse. Anakwerapo, anayesa ngati dzanja likufika pa mbale za pafupi. Linkafika.

Mayi wina analowa ndi mwana kumsana, akuyang'ana mapoto.

"Lowani, mayi," anatero ali chikhalire. "Tsitsani nokha amene mukumufunayo, mubwere naye kuno ndimugogode."